Mabwato a pa Feira saoneka pa cithunzi ca usiku

Amene mumakonda kupenyelela zithunzi pa Instagram kapena pa Facebook munazionapo izi: mlatho wa pa doko la Sydney usiku, malaiti ake atagona pamadzi ngati pa galasi, kapena doko la Cape Town, phili la Table Mountain lili kumbuyo, madzi ali phee ngati wina wawasita. Ambili mwa ojambula zithunzi zimenezi si akatswili olipidwa. Ndi anthu wamba amene akaweluka ku nchito amanyamula kamela ndi tripod n'kukaima m'mbali mwa madzi. Kuno kwathu nyanja yamcele kulibe, conco acinyamata a mu Lusaka amayesela pa milatho ya pamwamba pa miseu, pamene malaiti a motoka amasanduka mizele yofiila ndi yoyela. Koma madoko tili nawo. Mpulungu ndi doko lenileni la zombo pa nyanja ya Tanganyika. Ku Siavonga mabwato a kapenta amayatsa malaiti usiku wonse. Kulinso kadoko ka pa boma la Luangwa, pamene mtsinje wa Luangwa uthila mu Zambezi, malo amene akuluakulu akali kuwacha Feira.

Kamela imadya kuwala. Masana katseko kake kamatseguka ndi kutseka msanga kuposa kuphethila kwa diso. Usiku kuwala kumacepa, ndiye wojambula amakasiya kotseguka masekondi 10, 20 kapena 30 kuti kuwalako kuunjikane pang'onopang'ono monga madzi a mvula m'dilamu. Njila imeneyi ojambula amaicha long exposure, ndipo ili ndi khalidwe lake. Cinthu cokhazikika cimatuluka bwino. Cinthu coyenda cimene cili ndi nyale cimasiya mzele. Koma coyenda mumdima, copanda nyale, cimasowelatu. Mafunde amafafanizika, ndiye cifukwa cake madzi amaoneka osalala. Munthu angadutse patsogolo penipeni pa kamela, cithunzi n'kutuluka ngati sipanadutse aliyense.

Khalidwe limeneli linabadwa pamodzi ndi kamela. Mu 1838 Louis Daguerre anajambula mseu wa Boulevard du Temple mu Paris ali pawindo. Unali mseu wa pilingupilingu, wodzala ngolo za akavalo ndi anthu oyenda pansi, koma kujambulako kunatenga mamineti angapo ndipo mseu unatuluka wopanda kanthu. Anatsala munthu mmodzi amene anaima kuti amupukutile nsapato, ndi wopukutayo amene aoneka mwacimbuuzi. Mu 1896 Paul Martin wa ku London, amene panthawiyo kujambula sikunali nchito yake yodyela, anaonetsa zithunzi za miseu ndi za m'mbali mwa mtsinje wa Thames zojambulidwa usiku ndi kuwala kwa nyale za gasi cabe. Cithunzi cimodzi cinali kudya mamineti ambili, ndipo ngolo ikamabwela ndi nyale zake iye anali kuphimba diso la kamela mpaka idutse. Ameneyu tingamuche gogo wa onse oima pa madoko usiku, ndipo oyenda anali kuwacotsa mwadala.

Manje tengani foni yanu, mutsate Great East Road mpaka pafupi ndi Luangwa Bridge, mukhotele kum'mwela makilomita pafupifupi 90 mpaka mseu uthele pamadzi. Dzuwa likalowa, khazikani foni pa mwala pa doko ndi kuipatsa masekondi 30. Tsidya lina la Luangwa mudzagwila malaiti a Zumbo, ku Mozambique. Tsidya lina la Zambezi, cakumtunda pang'ono, ndi Kanyemba, ku Zimbabwe. Pakati padzakhala madzi osalala, opanda kanthu. Msodzi amene anadutsa ndi bwato lake pamene munali kuwelenga masekondi sadzakhalapo. Cithunzico cidzakhala cokongola, anzanu adzacikonda, koma cidzanama pa cinthu cimodzi: madzi a pamenepa sanakhalepo opanda anthu.

Feira ndi liwu la Cipwitikizi, litanthauza msika. Ca m'ma 1720 wamalonda wocokela ku Goa, Francisco Pereira, anakhazikitsa malo a malonda pa Zumbo, ndipo m'kupita kwa nthawi nyumba zina za amalonda zinamangidwa tsidya lino la Luangwa. Cimene cinawakoka cinali golide wa ku mapili a dziko limene lelo ndi Zimbabwe, minyanga ya njovu ndi mkuwa. Eni malondawo sanali kuyenda okha kukafuna katundu. Oyenda anali anthu akuda, ambili a iwo akapolo, amene anali kusenza nsalu ndi mikanda kupita nazo kutali, n'kubwelako pambuyo pa miyezi atasenza golide ndi minyanga. Kucoka pa Zumbo kupita ku Tete panali mathithi a Kebrabasa, pamene lelo pali damu la Cahora Bassa, conco katundu anali kutsika m'mabwato, kukwela pamitu, kenako kubwelelanso pamadzi. M'zaka za m'ma 1830 nkhondo ndi njala zinathamangitsa amalondawo, nyumba zawo n'kusanduka mabwinja. Inu a kum'mawa muli ndi mbali yanu pamenepa: Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku la kadamsana, pamene mdima unagwa masana.

Apwitikizi anabwelela pa Zumbo mu 1862, ndipo zaka zotsatila ndizo zinali zowawa kwambili. José do Rosário Andrade, amene anthu anamucha Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya, anali ndi magulu a nkhondo a Acikunda okhala ndi mfuti. Anali kusaka njovu ndi kugwila anthu m'midzi ya Ansenga ndi ya mitundu ina yoyandikana nayo. Pa boma la Luangwa pali mlambe waukulu umene eni dela amati akapolo anali kusonkhanitsidwa pansi pake poyembekeza kuoloka. Mlambewo ungaujambule usiku ulionse, sugwedezeka. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagwilizana za malile, mtsinje wa Luangwa n'kukhala mpanda pakati pa anthu a cinenelo cimodzi ndi mabanja amodzi. Allen ndi Barbara Isaacman, polemba buku lawo la 2004 lonena za Acikunda, Slavery and Beyond, anadalila kwambili kukhala pansi ndi nkhalamba za m'cigwa ca Zambezi ndi kumva za m'kamwa mwawo, pakuti makalata a Apwitikizi anali kusamala za mabwana ndi za minyanga kuposa za opalasa ndi osenza.

Usiku wodziwika kwambili m'mabuku pa malo amenewa ndi wa pa 14 January 1856. David Livingstone anafika pa mathilo a Luangwa akucokela kumadzulo ndi amuna oposa 100 amene mfumu Sekeletu ya Amakololo inamupatsa. Anayenda m'mabwinja, napeza zipupa za chalichi ca miyala ndi belu losweka lolembedwa zilembo za IHS. Anthu a mfumu Mburuma sanamukhulupilile, ndipo ndani angawadzudzule? Azungu amene anali kuwadziwa anali a mfuti ndi magoli. Livingstone anacita mantha, naganiza zooloka mobisa usiku, koma anasintha maganizo. M'malo mwake anatenga zipangizo zake n'kuyamba kupima zakumwamba kuti adziwe pamene malowa ali pa mapu. Kutaca anabwelekedwa bwato limodzi cabe. Pamene katundu, ng'ombe ndi anthu ake anali kuoloka m'maulendo angapo, iye anatsala kumbuyo akusangalatsa amuna onyamula zida powaonetsa wochi yake ndi galasi lotentha ndi dzuwa. Anaoloka womaliza. Tsiku, malo ndi belu zonse zili m'buku lake la 1857. Opalasa bwato lija, amene anapita ndi kubwela pamadzi a ng'wena mpaka onse anaoloka, alimo ngati manja cabe.

Kamela inafika pa Zambezi patangopita zaka ziwili. Pa ulendo wa Livingstone umene unayamba mu 1858, mng'ono wake Charles anapatsidwa nchito yojambula, koma mankhwala ake anavuta m'kutentha kwa m'cigwa ndipo za iye zinatsala zocepa kwambili. Amene anacita bwino ndi John Kirk, dokotala ndi katswili wa zomela, amene kujambula kunali kongokonda. Iye anali kugwilitsa nchito pepala lopakidwa phula, limene linali kupilila kutentha koma linali kufuna mamineti ambili kamela ili yotseguka, ngakhale masana. Zithunzi zake za kumunsi kwa mtsinje zili m'gulu la zithunzi zoyambilila za mkati mwa cigawo cino ca Africa. Muli milambe, migwalangwa, nyumba za Apwitikizi ndi zombo zomangilila pa gombe. Anthu ndi ocepa kwambili, osati cifukwa kunalibe, koma cifukwa munthu wa pa nchito sangaime cilili mamineti onsewo. Kirk anadutsa pa Zumbo mu 1860 popita kwa Amakololo, ndipo pobwela anatsika ndi mabwato kupyola mu Mpata, pamene Zambezi imapanikizika pakati pa mapili, n'kutulukila kumene kuli mudzi wa Kavalamanja. Mu November caka comweco bwato lake linagubuduzika pa Kebrabasa ndipo mabuku ake a zolemba ndi zojambula pamanja anapita ndi madzi.

Kavalamanja ndiye mtima wa nkhani yanga. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu okhaokha pa 11 November 1965, Zambezi inasanduka mzele wa nkhondo. Asilikali a ZIPRA, gulu lankhondo la cipani ca ZAPU ca a Joshua Nkomo, anali ndi misasa ku Zambia, ndipo njila yobwelela kwawo inali kuoloka mtsinje. Anali kuoloka usiku, m'mabwato a mtengo kapena a mphila, opanda nyale, opanda kukamba mokweza, nthawi zambili mothandizidwa ndi asodzi odziwa pamene pali mvuu ndi pamene madzi athamanga. Masiku amenewo kuwala kunali mdani. Mdimawo unafika mpaka m'tauni. Kumapeto kwa August 1977 boma la Zambia linanena kuti ndeke za Rhodesia zaponya mabomba pa Feira, ndipo mu September a Kenneth Kaunda analamula kuti mu Lusaka ndi m'matauni ena anthu asayende usiku ndipo malaiti azizimitsidwa. Funsani makolo anu amene anakulila mu Matero kapena mu Chilenje, akuuzani za mabulangete a pa mawindo. Ife tikamadandaula za load shedding timaiwala kuti kunali mdima wina wocita kulamulidwa kuti anthu akhale ndi moyo.

Pa 3 March 1978 Smith anasaina pangano ndi Bishop Abel Muzorewa, Ndabaningi Sithole ndi mfumu Jeremiah Chirau, lakuti agawane ulamulilo popanda a Nkomo ndi a Robert Mugabe. Patapita masiku atatu cabe, pa 6 March, ndeke za nkhondo, mahelikopita ndi asilikali otsika ndi maparachuti anagwela msasa wa ZIPRA pa Kavalamanja. Asilikali a Zambia amene anali m'delalo analowa m'nkhondoyo. Anafa a ZIPRA, anafa asilikali athu, anafanso anthu wamba a m'mudzi amene mlandu wawo unali kukhala m'mbali mwa mtsinje wa makolo awo. Otsala anathawila m'thengo, m'nyengo ya mvula, ndipo ambili anakakhala ku Kakaro. Zambia inakadandaula ku United Nations, ndipo pa 17 March bungwe la Security Council linavomeleza cigamulo nambala 424 codzudzula Rhodesia, maiko onse 15 mogwilizana. Cigamuloco sicinaletse kanthu. Pa 19 October caka comweco ndeke zinafika pa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi ku Mkushi. Zimbabwe inadzalandila ufulu mu April 1980.

Lembani liwu lakuti Kavalamanja pa intaneti muone. Nkhani zatsatanetsatane zimene zimatuluka zambili n'zolembedwa ndi amene anali asilikali a Rhodesia. Ali ndi dzina la nchito yawoyo, Operation Turmoil. Ali ndi maina a magulu awo, mapu, ndi dzina la msilikali wawo amene anafa tsikulo, Frank Battaglia wa ku America. Iwo ndiwo anali ndi makamela m'nkhondo imeneyi, mpaka ndeke za Canberra zojambula misasa zili m'mwamba. A ZIPRA anali kupewa kamela pa cifukwa comveka: nkhope yodziwika inali imfa kwa mwini wake ndi kwa abale ake kumudzi. Ndipo mlimi wa pa Kavalamanja mu 1978 kamela akanaitenga kuti? Ine izi zimandipweteka. Amene anabwela ndi mabomba ndiwo akhazikika bwino pa cithunzi ca mbili, maina ndi nkhope zili mbee, pamene eni mudzi aoneka ngati wopukuta nsapato wa ku Paris uja. Caka ciliconse mu March kumacitika mwambo wokumbukila ku Kavalamanja ndi ku Kakaro, akuluakulu a boma ndi asilikali a Zambia ndi a Zimbabwe amabwela, nkhata za maluwa zimaikidwa. N'zabwino. Koma makamela a tsikulo amatsata a mayunifomu ndi a masuti, ndipo motoka zikanyamuka fumbi limatsalila omwe aja. Mwana amene anali ndi zaka 10 pa tsiku la mabomba, lelo ali pafupi ndi zaka 60. Amene anali akuluakulu panthawiyo atsala owelengeka.

Mdima wa ku Kavalamanja lelo ndi cuma kwa wojambula. Wa ku Sydney amalimbana ndi malaiti oculuka amene amaphimba nyenyezi. Kuno mlalang'amba umaoneka ndi maso, ngati ufa wotayika pa mphasa. Ndipo malowa anakhala bwino: Zambezi pamenepa iyenda kupita kum'mawa, conco ukaima pa gombe n'kupenya tsidya lina wapenya kum'mwela. Dziko limazungulila madigili 15 pa ola, ndipo nyenyezi za kum'mwela zimaoneka ngati zizungulila malo amodzi m'mwamba. Pa Luangwa malowo ali madigili pafupifupi 15 pamwamba pa m'mphepete mwa dziko, ndiye kuti pamwamba pang'ono pa mapili a ku Zimbabwe, kumene a ZIPRA anali kuloza mabwato awo. Ngati mufuna nyenyezi zikhale timadontho, musapitilile masekondi 20 kapena 25 ndi lens yotambalala. Ngati mufuna zizungulile, jambulani zithunzi zambili motsatizana kwa ola lathunthu osagwedeza foni, kenako muziphatikize ndi app. Mafoni ambili a Android ali ndi Pro mode imene imalola masekondi 30. Tripod ngati mulibe, thumba la mcenga kapena la mpunga limagwila nchito, ndipo ikani timer kuti cala canu cisagwedeze.

Nanga bwato? Lamulo lija lili ndi khomo: coyenda cimene cili ndi nyale cimasiya mzele. Kambilanani ndi msodzi dzuwa likali, mum'patse tochi yaing'ono kapena nyale ya sola aike kutsogolo kwa bwato, ndipo apalase kufupi ndi gombe monga mwa masiku onse. Pa cithunzi padzatuluka mzele wa kuwala wodula madzi osalala aja, wokhotakhota pang'ono paliponse pamene nkhafi inamenya. Mum'lipile, cifukwa mwam'cedwetsa ku maukonde ake, ndipo mum'funse ngati afuna dzina lake lilembedwe pansi pa cithunzi. Cimodzimodzi agogo. Munthu wokhala pa mpando pafupi ndi moto angakhale phee masekondi awili kapena atatu, ndipo zimenezo n'zokwana kuti nkhope ituluke popanda flash imene imathobwa m'maso ndi kuyeletsa khungu. Ife a pa wailesi tili ndi tsankho lathu, timakhulupilila khutu kuposa diso, conco ndinena: foni imodzimodziyo ili ndi cojambulila mawu. Mukatha kukopa, itembenuzeni, muiike pa mphasa, mufunse kuti tsiku la ndeke linawapeza kuti, anathawila njila iti, anasiya ndani. Ena sadzafuna kukamba, ndipo ameneyo musam'kakamize. Amene akamba, musam'dule mawu. Polemba pa fayilo ikani dzina, mudzi ndi tsiku, ndipo kope imodzi itsale ndi banja lawo.

Musapite ngati alendo a pa Manda Hill. Mukafika, yambani mwaonekela kwa a nduna a mudzi, munene cimene mwabwelela. Dela ili lili pansi pa mafumu, a Mburuma ndi a Mphuka, ndipo munthu wacilendo woima pa gombe usiku ndi cinthu ca miyendo itatu coloza tsidya lina amadzutsa mafunso, makamaka kwa anthu amene anaonapo zimene zimatsatila akazitape. Pa doko la pa boma kumbukilani kuti ndi pa malile a maiko atatu: pemphani cilolezo kwa apolisi kapena a immigration, ndipo maofesi awo musawaloze kamela. Musaime pa mlomo penipeni pa madzi, ng'wena za pa Zambezi sizisewela. Mvuu zimatuluka usiku kukadya kumtunda ndipo sizifuna munthu pakati pa izo ndi mtsinje. Njovu nazo zimayenda m'midzi imeneyi, makamaka masau akapsa, conco muyende ndi mwana wa pamudzi wodziwa njila zake.

Mwezi wa March ndi wa mwambo ndi wa kukumana ndi anthu, koma kumwamba kumakhala mitambo ndipo mseu wa ku Kavalamanja umavuta mvula ikagwa. Wofuna nyenyezi apite pakati pa May ndi July, mvula itatha, utsi wa lupsa usanadzale m'cigwa. Sankhani masiku amene mwezi uli mumdima, nyamulani power bank yodzala ndi juzi, pakuti m'mbali mwa mtsinje mu June kumazizila kukamaca, ngakhale kuti ndi cigwa cimene mu October cimaocha ngati ng'anjo.